Fungo la Petulo M'galaja mwa Adalaivala

Adalaivala anagwada kutsogolo kwa galimoto yawo nasolola katoni imene anayala pansi pa injini dzulo lake. Inali youma gwa, popanda ngakhale kadontho. Koma fungo la petulo linali pomwepo, lamphamvu ngati tsiku loyamba.

Linali Loweruka, tsiku lomaliza. Akazi awo anali atalamula Lolemba, ndipo mayi amenewo sanena kawiri: fungolo likafika Loweruka masana, galimoto ipite kwa wogula zitsulo. Anati akalamba bwinobwino, sangakapsere m'chigalimoto cha zaka makumi atatu.

Kwa Adalaivala amenewo anali mawu a maliro. Anayendetsa malole moyo wawo wonse, ndipo atapuma ntchito chinawatsalira n'chiwongolero chimodzi chomwechi.

Vuto linayamba tsiku limene kunayamba kuzizira. M'mawa umenewo anatulutsa chikhothi chawo chakuda cha kuntchito, chija chong'ambika thumba, nalowa m'galaja. Galimoto inakana kulira. Anachita monga amachitira chaka chilichonse: anadonthezera petulo pang'ono m'kabuleta kuchokera m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa, injini n'kudzuka. Mawa lake kabotoloko kanasowa. Anati akazi awo akataya, popeza ndiwo sagona akaona chinthu chakale chili phee. Mayi anayankha kuti botolo sanalione, koma chikhothicho awapatse asoke thumba, chikuchititsa manyazi. Adalaivala anakana. Chikhothi cha dalaivala sichigwiridwa ndi munthu wosadziwa giya.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse kunali fungo. Dzuwa likakwera, iwo n'kupachika chikhothi pamsomali kuseri kwa chitseko, n'kutuluka nayo galimoto, fungo ziii.

Zimenezi sizinawazunguze mutu. Anafotokozera akazi awo, aneba, ngakhale wodzawerenga mita ya madzi, kuti labala wokalamba wa mapayipi a petulo amauma ndi kukhwinyata kukazizira, petulo n'kupeza potulukira. Kukafunda labalayo amafufuma, mpata n'kutsekeka. Nzeru zawo zinali zoona ndithu. Chotsala kunali kupeza labala wolakwayo.

Anaitana mkamwini wawo, makaniko wofatsa wosadziwa kutsutsa apongozi. Lachiwiri anasintha payipi yochokera ku pampu. Lachitatu anamanga tizitsulo tonse togwira mapayipi. Lachinayi anagula chivindikiro chatsopano cha thanki. Paliponse pamene Adalaivala anawerama n'kuloza, mkamwini ankabweretsa mphuno, n'kuvomera kuti inde bambo, apa pakununkhadi.

“Mphuno iyi yagwira ntchito zaka makumi anayi,” ankatero Adalaivala akuigogoda ndi chala. “Sinandinamizepo.”

Mayi ankangodutsa ndi tsache lawo. Anafunsa kamodzi kokha ngati galimoto yodontha paliponse chonchi siyenera kutchedwa sefa.

Tsopano Loweruka linali litafika, ndipo panatsala thanki yokha. Mkamwini anaitsitsa, mano akugwedezeka ndi mphepo. Anaipukuta, naipaka thovu la sopo, naipopera mpweya. Thovu silinatukusire paliponse. Anaima akupukuta manja, nayang'ana apongozi ake, nayang'ana pansi. Anatsegula pakamwa ngati anene kanthu, koma anangotsokomola. Kenaka anati iye nzeru zamuthera, mwina bambo anunkhizenso.

Adalaivala anagwadira thankiyo nakoka mpweya wautali.

“Ndi imeneyi. Ikununkha. Ili ndi kabowo kosaoneka ndi maso.”

Thanki ya galimoto ya mtundu umenewo anasiya kalekale kupanga. Onse atatu, kuphatikizapo mayi amene anaima pakhomo la galaja, ankadziwa zimenezo.

Kunja kunalira hutala. Wogula zitsulo anali atafika nthawi isanakwane, ndi lole yake ndi chingwe chokokera. Anasuzumira m'galaja, nazungulira galimoto kamodzi, namenya tayala ndi nsapato. Adalaivala anayang'ana kumbali ngati munthu amene mwana wake akubayidwa jekeseni.

Sanakangane. Anachotsa kiyi pachingwe cha m'khosi naiika paboneti. Anasisita galasi ndi mkono wa chikhothi, napempha mkamwini abwezeretse thanki, galimoto isachoke pakhomo ili chimasulemasule ngati yakuba. Kenaka anavula chikhothicho, ngakhale kunali kukuzizirabe, nachipereka kwa akazi awo.

“Kwayani, mayi, sokani thumba lanu lija. Dalaivala wopanda galimoto alibenso mawu.”

Mayi anachilandira, ndipo kunena zoona mtima wawo unachita chisoni pang'ono. Anachikutumula kamodzi monga achitira ndi chovala chilichonse. Chinalemera mbali imodzi. Anapisa dzanja m'thumba long'ambika lija, mkono n'kulowa mpaka m'chigongono, kutsika ndi nsalu yam'kati kukafika kumpendero. Mkamwini anayamba kuyang'anitsitsa sipanala yake ngati aiona koyamba.

Anatulutsa kabotolo ka mankhwala a chifuwa, kachivindikiro kali kosweka, petulo atatsala wa pansi penipeni. Mpendero wonse unali chinyontho.

“Auzeni a zitsulowo azipita,” anatero mayi, akubweza kiyi m'manja mwa amuna awo. “Ndipo inu Adalaivala, chaka chamawa musanamasule thanki, muziyamba mwadzinunkhiza nokha.”