Phukusi la a Jailos a ku Girrawheen

Panali mphunzitsi wina wa ku Lilongwe, dzina lake Overstone Chimutu, amene anaperekeza atsikana osewera mpira wa manja ku Perth pa ulendo wa sukulu. Nkhaniyi ikuchokera kwa manesi a kumeneko, ndipo akunenetsa kuti inachitikadi.

Mtsogoleri wa ulendowo, Mayi Gladness, anaika lamulo asananyamuke: foni ya mwana aliyense izikhala yoyatsa, izionetsa kumene mwanayo ali pa gulu la WhatsApp la aphunzitsi, ndipo mwana asakwere galimoto ya munthu wina, ngakhale m'bale. Overstone ankangoseka, amvekere Mayi Gladness akuweta ana ngati mbuzi za pachingwe. Bamboyu nzeru anali nazo zambiri, kupatulapo zomvera mnzake.

Mwa atsikanawo munali Aleke, wa Folomu 4, mayeso ali pakhomo. Mukudziwa khalidwe lathu, munthu wopita kunja sapita chimanjamanja, aliyense amamupatsira kaphukusi. Mayi wina woyandikana nyumba ndi kwa Aleke anamupatsira zitenje kuti akapereke kwa mchimwene wawo, a Jailos.

Lamulungu, mawa lake ndege ikunyamuka, gulu lonse linakapemphera ku tchalitchi china cha ku Mirrabooka, ku Perth komweko. Mayi Gladness anachokapo msanga kuperekeza mwana wina amene anabinya mwendo. Ndi pomwe a Jailos anatulukira kudzatenga zitenje zawo, bambo wa imvi, suti yosita bwino. Pocheza, zinapezeka kuti kwawo ndi ku Ntcheu, kwawonso kwa Overstone, mpaka anatchula mudzi wake ndi mayina a madimba. Overstone mtima unangoti zii.

Kenako a Jailos anapempha kuti mwanayo akaonekere kwa mayi a kunyumba, akangodya n'kubwerako. Aleke anayang'ana aphunzitsi ake ndi maso opempha, poti mwana sakanira wamkulu. Overstone lamulo ankalikumbukira bwinobwino. Koma ungamuuze bwanji bambo wa imvi, wakumudzi kwanu, kuti sukumukhulupirira? Anavomera, mochita kuwerama.

Dzuwa linapendeka Aleke osabwera. Pa foni ya Overstone, kadontho koonetsa pamene Aleke anali kanafika ku Girrawheen n'kuzimiririka. Anaimbira a Jailos, ndipo anayankha kamodzi kokha.

"Aphunzitsi, mwanayu wasankha kutsala. Inu kakwereni ndege yanu, musadzivutitse."

Foni inadulidwa. Overstone anagwidwa ndi mantha oti sanawamvepo chibadwire. Akakanena chiyani kwa mayi a Aleke pabwalo la ndege? Kuti mwana wanu ndinamupereka chifukwa cha ulemu?

Mayi Gladness atabwera sanataye nthawi ndi kukalipa. Tsiku lomwe anafika ku Perth anali atapempha kulowa pa gulu la WhatsApp la amayi a tchalitchi chija, ambiri mwa iwo manesi, ndiye anangojambula malo omaliza pamene kadontho kanaonekera n'kutumiza pagulupo. Posakhalitsa anaimba foni nesi wina wa ku Zambia, Ennie Mulenga.

"Ba teacher, iyo nyumba niiziba. Bakazi ba Jailos benze kukamba ati bapeza kamukazana kosunga bana, ati childcare yadula. Tiyeni manje manje, ba police nabatumila kale."

Galimoto za manesi zinandondozana, ena akadali mu yunifomu ya kuntchito. A Jailos anatsegula chitseko akumwetulira ngati palibe chachitika. Anati alendo alowe, akhale pansi, apatsane moni kaye, tiyi ali pamoto, nkhani ya pachibale sakambira pakhomo. Ndipo zoona, Overstone mawondo anali atayamba kale kupindika kuti akhale pansi, chizolowezi n'chovuta. Koma ataponya maso kuseri kwa bamboyo anaona Aleke ali chilili kukhitchini, maso otupa ndi kulira, mwana wa eniake ali kumbuyo pa chitenje chimodzi mwa zomwe anabwera nazo yekha.

"Bambo, sitikhala pansi," anatero Overstone. "Tipatseni mwana ndi foni yake."

A Jailos anakwinya nkhope n'kufunsa ngati ku Ntcheu masiku ano amayankhula choncho kwa akuluakulu. Anati umenewu ndi mwano.

"Inde, ndi mwano. Aleke, tsitsa mwanayo, tuluka."

Aleke anamasula chitenje, n'kupereka mwana kwa mayi wake, n'kudutsa pafupi ndi a Jailos osagwada. Panja anafotokoza kuti foni anamulanda ponena kuti akaitchaje, ndipo anamuuza kuti abisale mpaka ndege ichoke, adzamupezera sukulu yabwino kuno. Sukulu yake inali matewera ndi mbale.

Apolisi atafika, miyambi ya a Jailos inasowa womvera. Amayi aja anaimba nthungululu mumsewu mpaka anthu oyandikana nawo anasuzumira m'mawindo, ndipo Overstone analira poyera, osachita manyazi. M'mawa mwake atsikana onse anakwera ndege, palibe amene anatsala. Aleke analemba mayeso ake n'kukhoza, ndipo mayi ake analandira mwana wawo wamoyo, osati uthenga wopepesa.

Phunziro: Mwana wa eni ukayenda naye kunja, usamupereke kwa munthu chifukwa choti akuyankhula chakwanu kapena ali ndi imvi. Foni zikhale zoyatsa, aphunzitsi adziwe kumene mwana aliyense ali, ndipo mukafika dziwanani ndi abale okhulupirika a kumeneko. Kuli bwino akutche wamwano kusiyana n'kubwerera ndi mpando wopanda munthu. Nkhaniyi tumizirani makolo ndi aphunzitsi onse amene mukuwadziwa, ana awo asananyamuke.