Ola Lathu la Magetsi

Nyumba iliyonse m'mudzi muno imalandira magetsi ola limodzi pa sabata. Ola lathu limabwera Lachinayi masana.

Mwana wathu Ndaziona ndi anzake atatu anapanga loboti yopalira chimanga. Mpikisano wa maloboti unali Loweruka, ndipo opambana okha ndiwo amapatsidwa malo ku sekondale. Bambo ake anakhoma shelefu ya masoketi asanu ndi limodzi, kuti mabatire onse adzaze pa ola limodzilo. Ine ndinalolera kupita ku Mvano ndi bulauzi yosasita.

Lachinayi m'mawa belu la tchalitchi linalira. Mayi Nachisale, oyandikana nafe, anali atatisiya. Kuno maliro akagwa, nyumba iliyonse imapereka ola lake ku firiji ya maliro, kuti thupi lidikire ana okhala kutali.

"Amayi, tingonena kuti khadi lathu lolandirira magetsi latayika," anatero Ndaziona, atagwira batire m'manja.

"Mwanangu, agogo ako atagona m'firiji muja masiku atatu, oyamba kupereka ola anali mayi Nachisale."

"Koma iwowo apita kale, amayi. Ine ndili moyo!"

Ndinakumbukira wamasiye wa ku Zarefati uja, amene anapereka ufa wake wotsiriza koma mbiya yake sinaume. Ndinapemphera, ndipo ndinakapereka khadilo.

Mbiya yathu inauma. Loweruka mabatire anali pa shelefu opanda moto, ife tili kumanda. Ndinayambitsa nyimbo ya chiukitso, Ndaziona ataima pambali panga. Mwana amene amandithandiza kuimba kuyambira ali wamng'ono sanatsegule pakamwa.