Tsamba la a Damiano

A Bartolomeu, akatekista a pa mishoni ya Lifidzi, ananyambita chala n'kutembenuza tsamba lina. Limeneli linali buku lachitatu la ubatizo kulitsitsa m'mawa umenewo. Inácia anakhala pa benchi atapinda manja, fungo la mapepala akale likumuchititsa nseru. Mtsikanayu anali ndi pakati pa miyezi itatu, ndipo odziwa anali iye ndi bwenzi lake Pascoal basi.

Ukwati wawo ukanalengezedwa kale m'tchalitchi. Tsiku limene akuluakulu a mbali ziwiri anakumana, zonse zinkayenda bwino mpaka wina anatchula agogo ake a Inácia, a Damiano Chimtengo. A Salvador, malume ake a Pascoal, anangodzuka n'kusasa fumbi pa buluku.

"Mwazi umenewo ife tikuudziwa," anatero akuyang'ana pansi. "Pali malemu bambo anga a Zagwazatha, ukwati uwu suchitika."

Palibe anafunsa chifukwa. Mudzi wonse unkadziwa kuti a Damiano anapha munthu pa mowa mu 1913 n'kuthawira kuseri kwa malire. Anasiya mkazi wodwala ndi kakhanda, kamene kanadzakula n'kukhala amayi ake a Inácia. Sanamvekenso.

Chinkamuwawa Inácia n'chakuti a Salvador anali obwera. Iwo ndi mlongo wawo a Rufina, amayi ake a Pascoal, anatsika kuchokera ku Dedza pa njala ya 1949 atasenza mphasa imodzi, anthu akuno n'kuwadulira munda. Lero, zaka zisanu zokha, ayamba kusankha mwazi wa eni dziko! Nanga za 1913 anazimvera kuti? Pascoal naye sanathandize. Ankangopukusa mutu, amvekere mawu a malume salumphidwa.

Choncho chiyembekezo chonse cha Inácia chinatsalira m'mabuku amenewa. Ansembe akale sankalemba dzina lokha ayi. M'mphepete mwa tsamba ankawonjezamo chilichonse chachikulu chimene chamugwera mkhristu. Ngati a Damiano sanaphe, pepala likanena, ndipo pepala la ku mishoni ngakhale a Salvador sangalitsutse. Koma ngati anaphadi, Inácia sankadziwa kolowera. Mwezi wina umodzi, chitenje chikanaleka kumubisira.

Chala cha a Bartolomeu chinaima.

"Ndi awa. Damiano Chimtengo, anabatizidwa ali wamkulu, 1910."

Inácia anasuzumira ngakhale kuti kuwerenga sankakudziwa. Anangoona timizere tofiira ta tinta yolembera m'mphepete, ndi kapepala kopindidwa kolumikizidwa pa tsambalo ndi phini wadzimbiri.

A Bartolomeu anakonza magalasi awo omangidwa ndi ulusi, n'kuyamba kumasulira Chipwitikizicho pang'onopang'ono. "Akuti mu 1913 anakantha munthu wina, Mateus, ndi chibonga pa mowa. Anathawa tsiku lomwelo poyesa kuti wapha." Anatsitsa chala pa mzere wotsatira. "Koma Mateusyo abale ake anamutengera kwawo ku Kalomwe, n'kukachira. Anadzamwalira ndi chimfine mu 1918."

"Anachira?"

"Anachira, mwana wanga. Agogo ako anathawa maliro amene sanachitike."

Inácia anagwada pomwepo pa simenti. Misozi inangoti mbwe. Zaka makumi anayi banja lawo likuyenda chozolika, ana akuwaloza ku chitsime kuti adzukulu a wakupha, chonsecho munthu anadzuka n'kudya mbatata zake zaka zina zisanu! M'maganizo anaona kale nkhope ya a Salvador akumva mawu amenewa. Anamva kale dzina lake ndi la Pascoal akuwatchula pa Misa ya Lamulungu.

"Ndilembereni, bambo. Zonse, musasiyeko ngakhale kadontho. Ndikawapatsa m'manja ndekha."

A Bartolomeu anaseka, naviika kaneta, cholembera chawo, mu tinta. Atamaliza za m'mphepete, anazula phini uja n'kufunyulula kapepala.

"Iyi ndi kalata. Mkhristu akakwatira kapena kumwalira kwina, ansembe a kumeneko amadziwitsa mishoni imene anabatizidwira. Iyi inachokera kuseri kwa Dedza." Anawerenga akulemba. "Atamva kuti mkazi wake wamwalira kuno, anakwatiranso mu 1916. Anakhala mkhristu wabwino. Anamwalira mu 1938 atalandira masakramenti."

"Mwaona?" anatero Inácia akupukuta m'maso. "Mkhristu wabwino."

A Bartolomeu anali akuyang'anabe kalatayo. Kaneta inali itaima m'mwamba, ndipo dontho la tinta linagwera pa pepala osalizindikira. Anavula magalasi, nawapukuta pa malaya, nawavalanso.

"Iwe, uja ukufuna kumanga naye banja, amayi ake ndi ndani?"

"A Rufina. Bwanji kodi? Pitirizani."

Mkuluyo anayang'ana ku khomo ngati pali wina amene angabwere kudzamuwerengera. Kunalibe. Anawerenga ndi mawu otsika.

"Kumeneko sankatchedwa Chimtengo. Poopa kugwidwa anadzipatsa dzina loti Zagwazatha. Anasiya ana awiri, Salvador ndi Rufina."

Inácia anatsala chogwada, dzanja lili pamimba. Amayi ake ndi amayi ake a Pascoal anali ana a bambo mmodzi. Mwazi umene a Salvador ankaudziwa unali wawo womwe, ndipo mwana amene ankakula m'mimbamo anali wa Pascoal, mlongo wake.