Amene Anatembenuza Ba Enos

M'mawa ndi madzulo aliwonse ndimapita ku Mtendere kukatembenuza Ba Enos, amene anafa ziwalo mbali imodzi, kuti asatuluke zilonda kumsana. Ana awo anachoka ntchito zitatha mumzinda, ndipo kiyi wa nyumba yawo ndimasunga ndekha.

Lachinayi ndinafika kutada, magetsi atazima. Chitseko chinali chokhoma monga ndinachisiyira m'mawa. Koma nditayatsa kandulo ndinawapeza atagona choyang'ana kukhoma, atasambitsidwa, atapakidwa mafuta.

"Ba Enos, wakutembenuzani ni ndani?"

"Ni Ba Felistus. Bakamba ati mumachedwa maningi."

Akazi awowo tinawaika m'manda mwezi wa Marichi. Ndinapisa dzanja m'beseni. Madzi anali akadali ofunda.

"Ati mawa musavutike kubwela," anawonjezera Ba Enos. "Bazanitenga."