Nthuli ya Tsiku la Idi

Songül anali ndi nthuli ya nyama m'kamwa pamene chitseko cha kukhitchini chinatseguka.

Linali tsiku la Idi, ndipo mayi woyandikana naye nyumba anali atangomubweretsera mbale ya nyama ya nkhosa yokazinga. Chibadwire Yaren, mwana wa Songül, ndi matenda a PKU zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, nyama inali isanalowemo m'nyumbamo. Mwanayo atangobadwa, adokotala a mumzinda wa Konya ananena mosabisa kuti nyama, mazira ndi mkaka wamba zingamuwononge ubongo mwanayo. Tsiku lomwelo Songül analumbira kuti chimene mwana wake sadya, iyenso sadzachilawa.

Tsopano Yaren anaima pakhomo atanyamula kapu ya mkaka wake wakuchipatala, wowawa uja. Anayang'ana mbale, kenako milomo ya mayi ake yonyezimira ndi mafuta.

"Ndi yokoma, amayi?"

Songül anapukusa mutu.

"Mukunama inu," anatero Yaren, koma osati mokwiya. Anaika kapu ija pansi bwinobwino, n'kudziphimba kumaso ndi manja onse awiri. "Malizani, amayi. Ine sindikuona."

Songül anayesa kumeza, koma nthuli ija inakana kutsika.