Chumuni cha Borghild

Eilif anali padenga, diso lili pa telesikopu, chimpope chake choonera nyenyezi, pamene mkazi wake Gunvor anatulukira pamakwerero atanyamula khofi. Dzuwa linali lisanalowe. Mayiyo anayang'ana kumene chimpopecho chinaloza, nkhope n'kusintha.

"Nyenyezi zake ziti masana ano, bambo inu?"

"Ndikungowongola kagalasi aka."

Sanali kunama. Aliyense woonera nyenyezi amadziwa kuti kagalasi kolozera, kamene kamakhala pamsana pa telesikopu, amakawongola kukuwala, pokalozetsa pa chinthu chakutali chosasuntha. Ena amasankha mtanda wa tchalitchi. Eilif anasankha chumuni cha nyumba yofiira ya tsidya lina la nyanja. Tsoka lake, nyumbayo inali ya Borghild, mayi wamasiye amene akaseka m'sitolo, a panja ankacheuka.

"Kupatula chumunicho, mwaonako chiyani?" anafunsa Gunvor.

"Khwangwala."

"Chichoke chimpope chimenechi. Ndimuuza mwana wa a Solheim apafupiwa adzachitenge Lachisanu. Paja amachisirira."

Khofi uja anatsika naye.

Lachisanu! Chonsecho nyenyezi ya mchira imene Eilif anaidikira chaka chonse inali yoti ioneka bwino Loweruka. Mkuluyo anachonderera. Anatsuka mbale osatumidwa. Anagula maluwa, chinthu chimene anachichita komaliza tsitsi akadali nalo. Gunvor anangouma gwa ngati nsomba zoyanika pamitanda ya kudoko.

Komatu, tinene zoona, kumtima kwa Eilif kunkakoma. Zaka zonsezi ali m'banja, mutu dazi lokhalokha, mawondo akulira pamakwerero, mkazi n'kumamuchitirabe nsanje. Anayamba kupesa ndevu. Atakumana ndi Arnfinn, mnzake amene anagwira naye ntchito pasitima yowolotsa anthu, anadandaula chifuwa chili patsogolo.

"Kunyumba kwavuta, achimwene. Akuti ndikusuzumira Borghild."

"Iweyo? Ndi maso akowo? Doko lenilenilo unkaliphonya masanasana."

"Seka, koma akazi amadziwa mwamuna woopsa."

"Woopsa kwa khwangwala," anatero Arnfinn.

Lachinayi masana Gunvor anatenga thumba lake la ulusi, monga mwa nthawi zonse, kupita kokaluka masokosi ndi amayi a kutchalitchi. Eilif anakwera padenga ataganiza zogonja. Chumuni achisiye, alozetse pa mtanda, mkazi akabwera amuonetse ndi maso ake, mwina mtima n'kutsika telesikopu n'kupulumuka. Anaika diso. Anapeza chumuni, anatsanzikana ndi khwangwala, n'kuyamba kupotoza pang'onopang'ono. Koma chomangira china chinali chokhwepa. Chimpopecho chinatsetsereka, chinadutsa denga la Borghild, chinadutsa zenera, n'kukaima pakhonde.

Telesikopu imaonetsa zinthu chadodolido, koma mkazi wako umamudziwa ngakhale miyendo ili m'mwamba. Gunvor yemwe uja, amene anamusiyitsa fodya mwamuna wake polumbira pamaso pa dokotala kuti asiyira limodzi, anali phee pampando wa Borghild, thumba la ulusi lili pansi, ndudu ili pakamwa, utsi uli tolotolo.

Eilif analimbitsa zomangira zonse kuti chimpopecho chisasunthe, n'kutsika kukatereka khofi wa anthu awiri.