Mchira wa Dziko

A Dziwani, woyendera sukulu wochokera ku Dedza Boma, anaima pakati penipeni pa bwalo, baji ya chipani ikuwala pa jekete. Mayi Esitere, mphunzitsi wa sayansi, atawapempha kuti asendere pang'ono, iwo anakana.

"Phunzitsani, mayi. Lipoti lanu ndilembera pompano."

Mayi Esitere anaimika atsikana a Folomu 4 m'mizere iwiri, atagwirana manja.

"Ine ndine dziko lapansi, inu ndinu mphamvu yanga ya maginito," anatero. "Mphepo yochokera kudzuwa imakukokerani kumbuyo kwanga ngati mchira. Mizere ikayandikana imaduka, uwu n'kulumikizana ndi uwo, ndipo mpweya wotentha umene uli pakatipo umakankhidwira kwa ine. Tiyeni!"

Atsikana anasiyana manja, anagwira a mzere winawo, n'kuliyatsa liwiro. Pakatipo panali a Dziwani. Anakokoloka ngati chitsononkho m'madzi a mvula mpaka kudzafika pamaso pa mphunzitsiyo, chipewa chitatsala m'fumbi.



A Dziwani anapuma wefuwefu, kenaka anaseka chikhakhali.

"Ndamvetsa, mayi. Bwerezani. Koma ulendo uno dziko ndikhale ine."